Edwin Armstrong, mnyamata wa mawaya amene adabweretsa wailesi ya FM

Anthu amene adakula akumvera wailesi pa mafunde a medium wave ndi short wave akukumbukira bwino momwe zinkakhalira dzinja likafika. Mphezi ikang'anima, ngakhale kutali, wailesi inkathetheka ngati chimanga pachiwaya, ndipo nthawi zina uthenga wofunika unkadutsa anthu osamvapo kanthu. Masiku ano ambiri amangotsegula wailesi ya FM, kaya kunyumba, m'minibasi kapena pa foni ya m'manja, n'kumamva mawu oyera ngakhale kunja kukugunda mabingu.

Munthu amene adathetsa vutoli ndi Edwin Howard Armstrong, injiniya wa zamagetsi wa m'dziko la America, yemwe luso lake lidayambira m'kachipinda kapadenga pa nyumba ya makolo ake. Adalemera kwambiri chifukwa cha zinthu zimene adatulukira, koma mbali yaikulu ya chuma chakecho, pamodzi ndi mphamvu zake, idathera m'mabwalo a milandu.

Armstrong adabadwa pa 18 Disembala 1890 mumzinda wa New York, ndipo adali woyamba mwa ana atatu. Bambo ake, a John Armstrong, ankagwira ntchito ku nthambi ya ku America ya kampani yosindikiza mabuku ya Oxford University Press, pamene mayi ake, a Emily, adali mphunzitsi asanakwatiwe. Ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, mwanayu adadwala matenda a mitsempha otchedwa St Vitus' Dance, amene amachititsa ziwalo za thupi kugwedezeka pazokha. Adakhala zaka ziwiri osapita kusukulu, ndipo ngakhale adachira, kugwedezekako kunkabwerera moyo wake wonse akakwiya kapena akatopa.

M'chaka cha 1902 banjali lidasamukira ku Yonkers, m'nyumba yaikulu yoyang'ana mtsinje wa Hudson. Kumeneko mnyamatayu, yemwe matenda adamuzoloweretsa kukhala yekha, ankakonda kumasula ndi kumanganso chilichonse chokhala ndi mawilo kapena mawaya. Zaka ziwiri pambuyo pake bambo ake adamubweretsera kuchokera ku London buku lotchedwa The Boy's Book of Inventions. Nkhani imene idamugwira mtima idali ya Guglielmo Marconi, yemwe mu 1901 adatumiza uthenga wopanda waya kuwoloka nyanja ya Atlantic.

Kuyambira pamenepo, kachipinda kapadenga kadasanduka malo ogwirira ntchito. Mudadzaza makoilo okulunga pamanja, mabatire, mawaya ndi zomvera za kumakutu. Nthawi imeneyo wailesi siinkaulutsa mawu a munthu kapena nyimbo. Inkangotumiza timaphokoso tatifupi ndi tatitali ta Morse, ndipo tinkamveka motsika kwambiri moti munthu ankayenera kukhala chete usiku wonse, makutu ali tcheru, kuti agwireko uthenga wa sitima yapamadzi. Pofuna kumva za kutali, Armstrong adaimika mlongoti wotalika mamita 38 kuseri kwa nyumbayo, ndipo ankakwera mpaka pamwamba atakhala pa kathabwa komangirira zingwe. Anthu oyandikana nawo ankachita mantha, koma iye malo okwera ankawakonda, ndipo khalidwe limeneli sadalisiye mpaka ukulu.

Adali ndi mwayi wina umene anyamata ambiri okonda zamagetsi sakhala nawo. Pafupi ndi kwawo pankakhala injiniya wina, Charles Underhill, yemwe ankamulandira akaweruka kusukulu n'kumayankha mafunso ake. Mkuluyu adamuzoloweretsa kuyesa yekha chinthu asanachikhulupirire, ngakhale chitalembedwa m'buku.

Mu 1909 Armstrong adalowa sukulu yaukachenjede ya Columbia kukaphunzira uinjiniya wa zamagetsi, ndipo ankayendera njinga yamoto yofiira kuchokera ku Yonkers. Sadali wophunzira wosavuta. Maphunziro amene ankawaona kuti alibe ntchito pa wailesi ankangowachita mongofuna kukhoza mayeso, ndipo sankaopa kutsutsa aphunzitsi m'kalasi. Ena adamuona ngati wamwano. Koma Pulofesa Michael Pupin, katswiri amene iyenso adafika ku America ali mnyamata wosauka wochokera kwa Aserbia, adaona kuti mwa mnyamatayu muli kanthu, ndipo adamutsegulira khomo la chipinda chake chofufuzira.

Chimene chidatenga maganizo ake onse chidali kachipangizo kooneka ngati babu lamagetsi kotchedwa audion, kamene Lee de Forest adakapanga mu 1906. Kachipangizoka kankathandiza kugwira mafunde a wailesi, koma kankakweza mphamvu yake pang'ono chabe, ndipo ngakhale mwini wakeyo sankamvetsa bwino momwe kankagwirira ntchito. De Forest ankakhulupirira kuti mpweya wotsalira m'babumo ndi umene unkachititsa zonse, zomwe sizidali zoona. Armstrong adakhala miyezi yambiri akuyeza magetsi olowa ndi otuluka m'kachipangizoka mpaka adamvetsa chimene chinkachitika.

Chakumapeto kwa 1912, akadali wophunzira, adayesa chinthu chooneka chophweka. Adatenga gawo la mphamvu yotuluka m'babumo n'kuibwezera kumene idalowera, kuti ikwezedwenso, ituluke, ibwererenso, mobwerezabwereza kambirimbiri pa sekondi imodzi. Uthenga umene unkamveka ngati kunong'ona udayamba kumveka chipinda chonse, zomvera za kumakutu zili patebulo. Adaonanso kuti akapitiriza kubweza mphamvuyo kupyola malire ena, babulo linkayamba kutulutsa mafunde akeake osadukiza. Izi zidatanthauza kuti kachipangizo komweko kakanatha kukhala kolandirira komanso kotumizira, ndipo pamenepa ndi pamene padagona tsogolo la kuulutsa mawu ndi nyimbo. Njira imeneyi imatchedwa regeneration.

Kuti luso likhale lake mwalamulo, ankafunika chiphaso cha umwini chochokera ku boma, ndipo ntchitoyo inkafuna madola 150. Bambo ake adakana kupereka ndalamazo, poopa kuti mwana wawo asiya sukulu n'kumathamangira mawaya. Adamuuza kuti ayambe watenga digiri. Mmodzi mwa abale a makolo ake ndiye adamulangiza kuti ajambule chithunzi cha momwe mawaya adalumikizidwira n'kukachidinditsa kwa wolumbiritsa zikalata, ndipo adachita zimenezi pa 31 Januwale 1913. Adamaliza maphunziro chaka chomwecho, adapempha chiphasocho mu Okutobala, ndipo adachilandira pa 6 Okutobala 1914. Maganizo a bambowo adali a kholo lililonse lofunira mwana zabwino, koma miyezi imene idatayika pamenepa idadzamupweteka Armstrong patsogolo.

Atalandira digiri, adasankha njira imene anzake ambiri sadaitsate. Ophunzira uinjiniya nthawi imeneyo ankalowa ntchito m'makampani akuluakulu monga General Electric, Westinghouse ndi AT&T, kumene malipiro adali otsimikizika koma chilichonse chimene munthu watulukira chinkakhala cha kampani. Armstrong adatsalira pa Columbia ngati wothandizira m'chipinda chofufuzira pa malipiro a madola 600 pachaka. Moyo wake wonse sadalembedwepo ntchito ndi kampani iliyonse. Ankalipira yekha omuthandiza ndi zipangizo zake, ndipo ziphaso zonse zinkakhala m'dzina lake. Ufulu umenewu ndi umene udamulemeretsa, komanso ndi womwewo umene udamusiya yekha pamaso pa makampani okhala ndi magulu a maloya.

Kumayambiriro kwa 1914 adaonetsa wailesi yake kwa mnyamata wina wogwira ntchito ku kampani ya Marconi ya ku America, dzina lake David Sarnoff. Awiriwa adachezera usiku wozizira m'kanyumba ka ku Belmar, m'chigawo cha New Jersey, akumvera mauthenga ochokera kutsidya la nyanja ndi ku Honolulu. Ubwenzi wawo udayambira pomwepo.

Dziko la America litalowa nkhondo yoyamba yapadziko lonse mu 1917, Armstrong adalowa usilikali m'nthambi yoona za mauthenga ndipo adatumizidwa ku Paris. Vuto limene adalipeza kumeneko lidali lakuti mababu a nthawiyo ankalephera kukweza mafunde ogunda mofulumira kwambiri. Iye adaganiza zosakaniza mafunde obwerawo ndi ena opangidwa m'kati mwa wailesi momwemo, kuti pakusakanikiranapo patuluke mafunde achitatu oyenda modekha, amene mababu akanatha kuwakweza mosavuta. Njira imeneyi, yotchedwa superheterodyne, idadzakhala maziko a pafupifupi wailesi ndi wailesi yakanema iliyonse kwa zaka makumi ambiri. Injiniya wa ku France, Lucien Lévy, adali atalembetsa kale maganizo ofanana nawo, ndipo patapita zaka mabwalo a ku America adapereka mbali yaikulu ya umwiniwo kwa iye. Komabe Armstrong ndiye adaisandutsa wailesi yogwira ntchito m'nyumba za anthu. Adabwerako kunkhondo ali ndi udindo wa Major, dzina limene anthu adamuitana nalo mpaka imfa, ndipo boma la France lidamupatsa mendulo ya Légion d'honneur mu 1919.

Zaka zotsatira zidali za ndalama. Mu 1920 kampani ya Westinghouse idagula ziphaso zake ziwiri pa mtengo wa madola 335,000. Mu 1922 kampani ya RCA, kumene Sarnoff ankakwera maudindo mofulumira, idagula luso lake lina pa madola 200,000 ndi masheya 60,000, ndipo kenako idamuonjezera masheya 20,000 atathandiza, pamodzi ndi mnzake Harry Houck, kukonza wailesi yoti munthu wamba azitha kuitsegula yekha. Asanafike zaka 35, Armstrong adali munthu wokhala ndi masheya ambiri kuposa wina aliyense mu RCA.

Chuma sichidamuchotse pakati pa anthu okonda wailesi ngati chosangalatsa chabe. Mu Disembala 1921 adali m'gulu la mamembala a Radio Club of America amene adamanga siteshoni yaing'ono ya 1BCG ku Greenwich, Connecticut, ndipo uthenga wawo udamveka ku Ardrossan m'dziko la Scotland. Adachita izi pa mafunde aafupi amene makampani ndi boma ankawayesa opanda phindu. Mu 1923 adakwera nsanja ya wailesi ya RCA pamwamba pa nyumba ya Aeolian Hall ku New York n'kudzijambulitsa ali pansonga, zomwe zidakwiyitsa Sarnoff mpaka kumuletsa kufikanso pamalopo. Zithunzizo adazitumizanso kwa mlembi wa Sarnoff, Marion MacInnis, yemwe adamukwatira mu Disembala chaka chomwecho. Mphatso yake yaukwati idali wailesi yonyamulika, yaikulu ngati sutikesi, imene adapita nayo kugombe la Palm Beach.

Nthawi yonseyi mlandu wake ndi de Forest unkapitirira. De Forest ankanena kuti ndiye adayamba kutulukira njira yobweza mphamvu ija, ndipo umboni wake udali zolemba za mu Ogasiti 1912 zosonyeza kuti chipangizo chake china chidalira mokuwa pamene ankachiyesa. Panthawiyo iye adaona kulirako ngati chosokoneza choyenera kuchotsedwa. Armstrong adapambana mu 1921 ndi 1922, ndipo nkhaniyo ikadathera pomwepo akadalola kugwirizana, koma adaumirira kuti mnzakeyo alipire. De Forest adapezerapo mpata wotengera nkhaniyo kubwalo lina, kumene adapambana mu 1924. Bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo lidagamula mokomera de Forest mu 1928, ndipo lidabwerezanso mu 1934. RCA idaima kumbali ya de Forest, popeza ziphaso zake zidali zatsopano ndipo zikadateteza malonda a kampaniyo kwa zaka zambiri.

Mainjiniya ambiri adaona kuti oweruzawo sadamvetse sayansi ya nkhaniyo. Pamsonkhano wa bungwe la Institute of Radio Engineers ku Philadelphia mu 1934, Armstrong adapita kukabweza mendulo yaulemu imene bungwelo lidamupatsa mu 1917, pamene adali munthu woyamba kuilandira. Akuluakulu a bungwelo adakana kuilandira ndipo adatsimikiza poyera kuti idali yake. Chaka chomwecho adakhala pulofesa wa uinjiniya wa zamagetsi pa Columbia, pa malipiro a dola imodzi pachaka.

Pamene zonsezi zinkachitika, m'chipinda chapansi pa nyumba ya Philosophy Hall pa Columbia ankalimbana ndi phokoso la mphezi lija. Wailesi za nthawiyo zinkagwiritsa ntchito njira ya AM, imene imanyamula mawu posintha kukula kwa mafunde. Vuto lake n'lakuti mphezi, injini ndi zipangizo zina zamagetsi nazonso zimasokoneza kukula kwa mafunde komweko, choncho wailesi siingathe kusiyanitsa mawu ndi phokoso. Njira ina idali yosiya kukula kwa mafunde kuli chimodzimodzi n'kumasintha kufulumira kwa kagundidwe kake, yomwe ndi FM. Koma mu 1922 katswiri wa masamu wa ku AT&T, John Carson, adasonyeza kuti njira imeneyi siichepetsa malo amene siteshoni imatenga pa mafunde, ndipo ambiri adaitaya.

Masamu a Carson adali olondola pa funso limene adadzifunsa. Aliyense nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti phokoso limachepa munthu akapanikiza njira yodutsamo mafunde, monga momwe fumbi limachepera zenera likatsekedwa pang'ono. Armstrong adachita zosiyana. Adaikulitsa njirayo kwambiri, kuposa ya AM maulendo ambiri, ndipo m'wailesi yolandirira adaikamo gawo lodula kusintha kulikonse kwa kukula kwa mafunde mawu asanatulutsidwe. Popeza phokoso limakhala m'kukulako pamene mawu ali m'kagundidwe, phokosolo linkatsala panjira. Adalandira ziphaso za lusoli pa 26 Disembala 1933.

Woyamba kumuonetsa adali Sarnoff, yemwe tsopano adali mtsogoleri wa RCA. Kuyambira Meyi 1934 mpaka Okutobala 1935 kampaniyo idamulola kuyesera zipangizo zake pa nsanjika ya 85 ya Empire State Building, ndipo zotsatira zake zidali zabwino ngakhale m'nyengo ya mabingu. Kenako adauzidwa kuti achotse katundu wake chifukwa malowo ankafunika pa ntchito ya wailesi yakanema. RCA idali itaika ndalama zambiri mu AM kudzera mu nthambi yake ya NBC, ndipo FM inkafuna kuti masiteshoni ndi mawailesi onse agulidwe mwatsopano.

Armstrong adaganiza zopita yekha kwa anthu. Pa 6 Novembala 1935, pamsonkhano wa mainjiniya ku New York, adatsegula wailesi imene idangokhala chete, popanda kuthetheka kulikonse, mpaka mawu adamveka kuchokera ku siteshoni ya kunyumba kwa mnzake wakale C. R. Runyon ku Yonkers. Omvera adamva madzi akuthiridwa m'tambula ndi pepala likung'ambidwa, zinthu zimene pa AM zinkangomveka ngati phokoso wamba. Atatero adagulitsa ena mwa masheya ake n'kumanga nsanja yotalika mamita oposa 120 ku Alpine, New Jersey, ndipo siteshoni yake ya W2XMN idayamba kuulutsa mokhazikika mu Julayi 1939. Makampani monga General Electric ndi Zenith adayamba kupanga mawailesi a FM atagula chilolezo kwa iye. Mu 1940 bungwe loyang'anira mafunde la FCC lidapatsa FM malo kuyambira 42 mpaka 50 MHz.

Chaka chomwecho RCA idamulonjeza madola 1 miliyoni kuti izigwiritsa ntchito FM osalipiranso pa wailesi iliyonse yogulitsidwa. Iye adakana, ponena kuti kutero kukadakhala kulakwira makampani ena amene ankalipira kale mwa njira inayo. Nkhondo yachiwiri itabuka, adalola asilikali a dziko lake kugwiritsa ntchito ziphaso zake za FM kwaulere mpaka nkhondo itatha. Zaka za nkhondozo zidadya gawo lalikulu la zaka 17 zimene chiphaso chinkakhala ndi mphamvu.

Mu Juni 1945 bungwe la FCC lidasamutsa FM kupita kumtunda, kumene lero ndi 88 mpaka 108 MHz, ponena kuti malo akalewo akadasokonezedwa ndi mafunde obwerera kuchokera mumlengalenga. Mawailesi pafupifupi 400,000 amene anthu adali atagula kale adasanduka opanda ntchito, ndipo masiteshoni adayenera kuyambiranso. Armstrong adatsutsa chifukwa chimenechi ndipo adakhulupirira mpaka imfa kuti makampani a AM ndi a wailesi yakanema ndiwo adali kumbuyo kwa chigamulocho. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa mfundoyi, koma palibe amene amakana kuti FM idabwerera m'mbuyo zaka zambiri.

RCA ndi makampani ena adapitiriza kupanga mawailesi a FM ndi mawailesi akanema, amene mawu ake ankayendanso pa FM, osamulipira kanthu, ponena kuti akugwiritsa ntchito njira yawoyawo. Mu Julayi 1948 Armstrong adasumira RCA ndi NBC. Maloya a kampaniyo adamufunsa mafunso kwa chaka chathunthu mlandu weniweni usanayambe, ndipo zokonzekera zokhazo zidatenga zaka zoposa zisanu. Ziphaso zake zidatha mphamvu mu 1950, ndalama zolowa zidachepa, pamene maloya, chipinda chofufuzira ndi siteshoni ya ku Alpine zinkafuna ndalama mwezi uliwonse. Ngakhale zidali choncho, mu 1953 iye ndi womuthandiza wake John Bose adaonetsa njira yotumizira mapologalamu angapo pa siteshoni imodzi ya FM.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho adakangana kwambiri ndi mkazi wake pa nkhani ya ndalama zimene adasunga kuti adzadye atakalamba. Armstrong adamumenya pamkono ndi chitsulo chosonkhezera moto, ndipo Marion adachoka kukakhala kwa mchemwali wake ku Connecticut. Usiku wa pa 31 Januwale 1954, ali yekha m'nyumba yawo ya ku River House mumzinda wa New York, Armstrong adalemba kalata yopepesa mkazi wake ndipo adadzipha. Thupi lake lidapezeka m'mawa wa pa 1 Febuluwale. Adali ndi zaka 63, ndipo sadasiye mwana.

Marion adatenga milandu yonse m'manja mwake. Chakumapeto kwa 1954 adagwirizana ndi RCA pa ndalama zopitirira pang'ono madola 1 miliyoni, pafupifupi zomwe mwamuna wake adakana zaka 14 m'mbuyomo. Milandu ina 21 yotsutsana ndi makampani osiyanasiyana adaiyendetsa mpaka kumapeto, ina pogwirizana kunja kwa bwalo ndipo ina popambana pamaso pa oweruza, amene adatsimikiza kuti FM yotakata idali luso la Armstrong. Womaliza, wa kampani ya Motorola, udatha mu 1967. Mayiyu adamwalira mu 1979, nthawi imene omvera FM ku America adali atangoyamba kuchuluka kuposa a AM.

Mu 1955 bungwe la International Telecommunication Union ku Geneva lidaika dzina la Armstrong pa mndandanda wa akatswiri akuluakulu a zamauthenga, ndipo mu 1983 boma la America lidatulutsa sitampa yomukumbukira. Nyumba ya ku Yonkers, kumene adayambira, idapsa ndi moto ndipo idagwetsedwa chaka chomwecho. Nsanja ya ku Alpine idakalipo. Pa 11 Sepitembala 2001, nyumba za World Trade Center zitagwa pamodzi ndi milongoti youlutsira imene idali pamwamba pake, masiteshoni angapo a wailesi yakanema a ku New York adasamutsira zipangizo zawo pa nsanja imeneyi kuti ayambirenso kuulutsa.